Akapitawo a majini: mmene selo limasankhira zoti liwerenge, ndi pamene khansa imalowera

Pa maliro a munthu amene wamwalira ndi khansa, abambo atakhala pansi pa mtengo ndipo amayi ali kuseri kusonkhezera moto, funso lina silichedwa kutuluka: kodi matendawa analipo kumtundu kwawo? Ndiye pamapezeka wina amene anamvapo dokotala pa wailesi akunena kuti khansa ndi matenda a majini. Akangotero nkhani imathera pompo, aliyense n'kumayang'ana ana a malemu mwachisoni, ngati kuti mlandu wawo wagamulidwa kale.

Dokotala uja sananame, koma mawu ake tinangowamva theka. Mwa odwala khansa khumi, amene anatengera vutolo kwa makolo kawirikawiri sapitirira mmodzi. Kwa otsalawo, majini anasokonekera munthu atabadwa kale, pakachigawo kakang'ono ka thupi, mwina m'selo limodzi lokha poyamba. Ndipo sikuti nthawi zonse jini limakhala litawonongeka. Nthawi zambiri limakhala labwinobwino, koma likugwiritsidwa ntchito pa nthawi yolakwika, kapena mopyola muyezo, kapena latsekeredwa pamene likufunika. Amene amalamula kuti jini ili ligwire ntchito lero, ilo lidikire kaye, ndi gulu la mapuloteni limene asayansi amalitchula kuti transcription factors. Ndafuna kuti tikambirane za iwowa chifukwa khansa zingapo zimene zimatisautsa kwambiri kuno kwathu, monga ya khomo la chiberekero ndi chotupa cha nsagwada cha ana, zimadzera pa mapuloteni amenewa ndendende.

Tisanapite patali, majini amene tikunena pano si aja a mizimu amene amagwira anthu. Mawuwo angofanana chabe. Jini la sayansi ndi kachidutswa ka malangizo amene selo limatsatira.

Buku limodzi, nyimbo zosiyana

Thupi lathu linamangidwa ndi maselo, tizipinda tamoyo tosaoneka ndi maso. Mkati mwa selo muli kachipinda kena kotchedwa nucleus, ndipo m'menemo ndi momwe mumasungidwa DNA. DNA ndi ulusi wautali wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Ulusi wa m'selo limodzi utati uwongoledwe ungatalike pafupifupi mamita 2, koma unakulungidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 yochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Pa ulusiwu pali majini pafupifupi 20,000 okhala ndi malangizo opangira mapuloteni, ndipo mapuloteni ndiwo anyamata a ntchito a selo: amamanga, amanyamula katundu, amagaya chakudya, amatumiza mauthenga.

Tsono chodabwitsa n'chakuti selo la pakhungu, la m'chiwindi ndi la muubongo, onse ali ndi buku lomwelo, tsamba ndi tsamba. Nanga zimatheka bwanji kuti la m'bere lizipanga mkaka pamene la pamutu likupanga tsitsi? Ganizirani za mpingo tsiku la mapemphero. Aliyense wanyamula buku la nyimbo lofanana ndi la mnzake, koma sayimba nyimbo zonse nthawi imodzi. Wotsogolera amatchula nambala, onse n'kutsegula pamenepo. Ya pa ukwati ndi ina, ya pa maliro ndi ina, buku ndi lomwelo. Maselo amasiyana chifukwa cha masamba amene atsegula, osati chifukwa cha buku.

Buku la DNA silituluka mu nucleus. Selo likafuna kugwiritsa ntchito jini, makina ena otchedwa RNA polymerase amakopera tsamba limenelo, ndipo kope lake ndi limene limapita kumalo opangira mapuloteni. Kopeli ndi mRNA, dzina limene ambirife tinalimva koyamba nthawi ya katemera wa Covid-19. Kukoperako ndiye transcription. Koma makinawa sadziwa okha poyambira kapena nthawi yoyambira. Amadikira kuuzidwa, monga anthu a pa esiteti amadikirira kapitawo kuti awagawire ndime. Ma transcription factor ndiwo akapitawo amenewa, ndipo ndiziwatchula choncho. Munthu ali ndi mitundu yawo pafupifupi 1,600.

Oyamba kufotokoza bwino kuti jini lingatsegulidwe ndi kutsekedwa anali François Jacob ndi Jacques Monod ku Paris mu 1961. Iwo anaona kuti bakiteriya wa E. coli amatsegula majini ogayira shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo akapezeka. Analandira mphoto ya Nobel mu 1965.

Manja awiri a kapitawo

Kapitawo wa majini tingati ali ndi manja awiri. Dzanja limodzi limafufuza pa ulusi wa DNA mpaka litapeza kamzere kakafupi ka zilembo kamene iye yekha amakadziwa, kawirikawiri ka zilembo 6 mpaka 12, n'kugwira pamenepo. Dzanja linalo ndi loitanira anzake. Likhoza kukodola makina okopera kuti ayambe ntchito, kapena kuitana mapuloteni omasula ulusiwo, chifukwa DNA yambiri imakhala yokulungidwa molimba monga ulusi wa telala umakhalira pakamtengo kake, ndipo yokulungidwa choncho siwerengeka. Akapitawo ena amachita zosiyana: amakhala pamalopo n'kutseka njira kuti tsamba lisawerengedwe.

Malo ogwira alipo a mitundu iwiri yofunika. Amodzi ali pakhomo penipeni pa jini, ndipo amatchedwa promoter. Ena, otchedwa enhancer, amatha kukhala kutali, zilembo masauzande ambiri kuchokera pa jinilo. Ulusi umapindika mpaka malo akutaliwo akhudzane ndi khomo la jini, ndiye kukopera kumapita patsogolo mwamphamvu. Mawu akuti enhancer muwasunge, tiwafuna posachedwa.

Akapitawo sagwira ntchito mwachisawawa, amamvera mauthenga ochokera kunja kwa selo. Mukadzitema ndi chikwanje, maselo a m'mphepete mwa bala amalandira uthenga wakuti pafunika anzawo. Akapitawo ena amadzuka, n'kutsegula majini othandiza selo kukula ndi kugawikana pawiri. Bala likatsekeka uthenga umaleka, ndipo akapitawo aja amaphwanyidwa. Ambiri mwa iwo selo limawapanga kuti asakhalitse, ena amatha pasanathe theka la ola. Ndi dala zimenezi: wolamula kuti ena achulukane sayenera kukhalitsa pa mpando.

Khansa ndi maselo amene akuchulukana osaleka, osafa pa nthawi yake, n'kumalowerera malo a anzawo. Zimenezi zimachitika kapitawo wolamula kuti "chulukanani" akakana kukhala chete, kapena wolamula kuti "imani" akachotsedwa. Kawirikawiri zimachitika zonse ziwiri.

MYC ndi chotupa cha nsagwada

Amene anakhalako kumadera a m'mbali mwa nyanja kapena kuchigwa cha Shire mwina anamuonapo mwana wotere. Wazaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, tsaya limodzi layamba kutupa. Makolo amayamba aganiza kuti ndi dzino, kapena matsagwidi. Koma matsagwidi amaphwa okha, pamene ichi chikungokula. Mano amayamba kugwedera, nthawi zina diso limatong'oka, ndipo kwa ana ena chotupacho chimakhala m'mimba. Imeneyi ndi Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo. Maselo ake amatha kuwirikiza chiwerengero chawo pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo palibe khansa zambiri zothamanga chotero.

Dzinali linachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Iye analemba za matendawa mu 1958. Mu 1961 ananyamuka pa galimoto ndi madokotala anzake awiri, n'kuyendera zipatala zoposa 50 m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo dziko lathu lino limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Kulikonse ankafunsa ngati anaonapo ana otupa nsagwada. Anapeza kuti matendawa ndi ofala kumalo otsika, otentha ndi achinyontho, ndipo ndi osowa kumapiri kozizira. Mapu ake anadzafanana ndi mapu a malungo. Mu 1964, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong ku London anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr virus.

Koma malungo amagwira ana mamiliyoni, ndipo kachilomboka kali m'thupi mwa pafupifupi munthu wamkulu aliyense pa dziko. N'chifukwa chiyani ochepa okha ndi amene amatupa? Yankho linadza mu 1982, ndipo lili pa kapitawo wotchedwa MYC.

MYC ndi mmodzi mwa akapitawo amphamvu kwambiri olamula kukula. Amagwirana ndi mnzake wotchedwa MAX, awiriwo n'kumatera paliponse pamene DNA yalembedwa kuti CACGTG. Majini amene amawakhudza ndi masauzande: oti selo limwe shuga wambiri, oti limange makina ambiri opangira mapuloteni, oti likopere DNA yake n'kugawikana. Pa selo labwino MYC amaoneka kanthawi kochepa n'kuzimiririka. Jini lake lili pa kromozomu 8.

Chotupa cha Burkitt chimayambira m'maselo a chitetezo cha m'thupi otchedwa B, amene ntchito yawo ndi kupanga ma antibody, zida zogwirira tizilombo. Kuti apange zida zoyenerana ndi mdani aliyense, maselowa amadula ndi kusintha DNA yawo mwadala, makamaka pa kromozomu 14 pamene pali jini lalikulu la zidazo. Ndi ntchito yoopsa, yofanana ndi kusoka chovala chili m'thupi. Mwana amene akudwala malungo mobwerezabwereza, maselo ake a B amakhala pa ntchito yodulayi usana ndi usiku, ndipo mpata wolakwitsa umakula. Tsiku lina chidutswa cha kromozomu 8 chimasinthana malo ndi chidutswa cha kromozomu 14. Jini la MYC limapezeka lili pafupi ndi ma enhancer a jini la antibody, amene m'selo la B sapuma n'komwe.

Zili ngati wolumikiza magetsi walakwitsa mawaya, babu la kuchipinda chogona walilumikiza ku switchi ya chigayo chimene chimalira tsiku lonse. Babu silinawonongeke, switchi nayo ili bwino. Cholakwika ndi kulumikizako. MYC tsopano akupangidwa kosalekeza, ndipo selo likungomva lamulo limodzi.

Thupi lili ndi chotchinga pa ngozi yotereyi: selo limene MYC wachuluka mosayenera limayenera kudzipha. Apa ndi pamene kachilombo ka Epstein-Barr kamathandizira matendawa, chifukwa kamateteza selo limene kakhalamo kuti lisafe. Zotupa zina za Burkitt zimapezekanso zitawononga mlonda wamkulu amene tikambe za iye tsopano lino.

Chimodzi chimandilimbitsa mtima pa matendawa. Liwiro lomwelo limene limawachititsa kukhala oopsa limawachititsanso kumva mankhwala. Mankhwala a khansa monga cyclophosphamide amakantha kwambiri maselo amene akugawikana, ndipo tsaya lotupa limatha kuyamba kuphwa m'masiku ochepa. Ana otere amathandizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Pa chotupa chowirikiza tsiku ndi tsiku, sabata imodzi yodikira kunyumba ndi nthawi yaitali kwambiri.

p53, mlonda amene amaimitsa ntchito

Mu 1979 magulu angapo a asayansi, kuphatikizapo la David Lane ndi Lionel Crawford ku London ndi la Arnold Levine ku Princeton, anapeza puloteni ina yochuluka m'maselo a khansa. Anaitchula p53. Poti inkapezeka pamalo a ngozi, kwa zaka khumi ambiri ankaiyesa yoyambitsa khansa. Cha mu 1989 m'pamene zinadziwika kuti zimene ankaona zinali p53 wolumala, ndipo wabwinobwino ndi mlonda. Lero tikudziwa kuti jini lake, TP53, limene lili pa kromozomu 17, limapezeka lowonongeka mu pafupifupi theka la khansa zonse za anthu. Palibe jini lina limene limawonongeka kawirikawiri chotero.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kochititsa chidwi. Selo limapanga p53 nthawi zonse, ndipo nthawi zonse puloteni ina yotchedwa MDM2 imamuika chizindikiro kuti akaphwanyidwe. Choncho pa mtendere iye amakhala wochepa kwambiri. DNA ikangovulala, kaya ndi utsi wa fodya, dzuwa kapena poizoni wina, MDM2 imalekerera, ndipo p53 amachuluka msanga. Selo silidikira kuti mlonda achite kuitanidwa kuchokera kutali, amakhala ali pakhomo kale.

Akachuluka amatsegula jini la p21, puloteni yoimitsa kugawikana, kuti okonza DNA apeze mpata. Kuwonongeka kukakhala kwakukulu, amatsegula majini ena monga PUMA ndi BAX, amene amachititsa selo kudzipha mwadongosolo. Mlimi amene waona chinangwa chimodzi chagwidwa matenda amachizula kuti munda upulumuke, ndipo p53 amachita chimodzimodzi. Amatsegulanso jini la MDM2 lenilenilo, kuti ngozi ikatha iye mwini achepetsedwe.

Mapuloteni a p53 amagwira DNA ali anayi pamodzi, ngati anthu onyamula machira. Kuwonongeka kwambiri kumagwera pa dzanja logwira DNA lija, ndipo wolumala mmodzi akalowa m'gulu la anayiwo amatha kulepheretsa onse.

Njira ziwiri zochotsera mlonda

Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imagwira amayi ambiri m'Malawi kuposa ina iliyonse, ndipo dziko lino lili m'gulu la maiko amene matendawa ndi ochuluka kwambiri pa dziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala kudzera m'kugonana. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi amene anasonyeza mgwirizanowu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri, HPV 16 ndi HPV 18, imayambitsa khansa pafupifupi 7 mwa 10 zilizonse za mtunduwu.

Kachilomboka kalibe makina akeake okopera DNA, kamabwereka a selo limene kalowamo. Choncho kamafuna kuti selolo lizikhala ngati likukonzekera kugawikana nthawi zonse. Kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E7 imagwira puloteni yathu yotchedwa RB. Ntchito ya RB ndi kumanga kapitawo wina, E2F, amene amatsegula majini okopera DNA. RB ikagwidwa, E2F amamasuka ngati mbuzi imene yadula chingwe nthawi ya dzinja. Pamenepa p53 amayenera kuona kuti zinthu sizili bwino n'kulamula selo kuti life. Koma E6 imamugwira, n'kumupereka ku makina ophwanya mapuloteni a selo lomwelo.

Onani bwino apa: pa khansa zambiri za khomo la chiberekero, jini la p53 limakhala lathunthu, lopanda chilema. Mlonda akupangidwa tsiku ndi tsiku, koma akungotayidwa asanafike pa ntchito. M'malabotale, asayansi akatseka E6 m'maselo a khansayi, p53 amabwerera ndipo maselowo amaleka kukula kapena kufa.

Amayi ambiri amene atenga HPV, thupi limakachotsa lokha m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Kwa amene kakhalitsa, pamatenga zaka 10 mpaka 20 kuti zolakwika ziunjikane n'kukhala khansa. Kwa amayi amene ali ndi HIV zimafulumira, ndipo chiopsezo chawo ndi chowirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Zaka zapakatizi ndi zimene kuyezetsa kumagwiritsa ntchito. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi akuunika ndi tochi. Pamene pali maselo osokonekera pamayera, pamene pali pabwino pamakhala pofiirira monga kale. Kachigamba koyerako kangathe kuwotchedwa kapena kuumitsidwa ndi chipangizo chozizira kwambiri tsiku lomwelo. Katemera wa HPV, amene Malawi anayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, amatchinga kachilomboka kasanalowe m'selo n'komwe, E6 ndi E7 zisanapangidwe.

Njira yachiwiri ndi yowononga jini lenilenilo, ndipo chitsanzo chake chili m'nkhokwe. Mtedza kapena chimanga chikasungidwa chisanaume bwino chimachita chuku, ndipo chuku china, chotchedwa Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Mukudziwa kambewu ka mtedza kofota, kakuda mkati, kamene mukakatafuna kamawawa mpaka kulavula. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda chimapatsa chukuchi chinyontho chimene chimafuna, ndipo kukazinga kapena kuphika sikuthetsa poizoniyu. Akafika m'chiwindi amasandulika n'kumamatira pa DNA. Mu 1991 ofufuza amene anayeza zotupa za chiwindi za odwala a ku Qidong ku China ndi a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique, anapeza chinthu chofanana: pa jini la p53, pamalo a nambala 249, chilembo G chinali chitasanduka T. Chilembo chimodzi chokha, koma chokwanira kupundula dzanja logwira DNA. Kwa munthu amene alinso ndi kachilombo ka hepatitis B, kogwira chiwindi, ngoziyi imakula kwambiri.

Tibwerere ku funso la pa maliro lija. Alipodi mabanja amene amapatsirana jini la p53 lowonongeka, matenda otchedwa Li-Fraumeni syndrome, ndipo anthu ake amadwala khansa akadali aang'ono, ena kangapo. Koma mabanja otere ndi osowa kwambiri. Zonse zimene tafotokoza pa HPV, pa aflatoxin ndi pa Burkitt zimachitika m'maselo a chiwalo chimodzi, sizilowa mu umuna kapena m'dzira, ndipo mwana sangazitengere kwa kholo.

Pali nyama imodzi imene ndimaikumbukira ndikamaganiza za p53. Njovu ili ndi maselo ochuluka kuposa ife kutalitali, ndipo imakhala zaka 60 kapena kuposa, choncho inayenera kumadwala khansa kuposa munthu. Koma sizili choncho. Mu 2015 ofufuza anafotokoza kuti njovu ya mu Africa ili ndi makope pafupifupi 20 a jini la TP53, pamene ife tili ndi limodzi, lochokera mbali ziwiri za makolo. Maselo ake akavulala DNA amadzipha msanga kuposa athu. Njovu za ku Liwonde zija zikuyenda ndi gulu la alonda.

Akapitawo omvera mahomoni

Akapitawo ena sagwira ntchito mpaka homoni, uthenga umene chiwalo china chimatumiza kudzera m'magazi, itawakhudza. Homoni ya estrogen ikalowa m'selo la bere imakakhala m'kathumba ka puloteni yotchedwa estrogen receptor. Puloteniyo imasintha maonekedwe, n'kugwira DNA, n'kutsegula majini a kukula. Umu ndi mmene mawere a mtsikana amakulira akamatha msinkhu. Khansa zambiri za m'mawere zimadalirabe kapitawo ameneyu kuti zikule.

Mu 1896 George Beatson ku Glasgow anaona kuti zotupa za m'mawere za amayi ena zinkachepa akawachotsa ziwalo zopanga mazira, ngakhale panthawiyo estrogen inali isanadziwike. Lero pali mapiritsi a tamoxifen, amene amakakhala m'kathumba ka estrogen kaja m'maselo a bere, kapitawo n'kulephera kuitana makina okopera. Ndi chifukwa chake kachidutswa ka chotupa kamayezedwa kuti aone ngati chili ndi estrogen receptor. Ngati chilibe, tamoxifen sangathandize. Ngati chili nayo, mayi amamwa mapiritsiwo zaka 5 kapena mpaka 10, chifukwa maselo obisala amatha kudzuka patapita nthawi yaitali.

Kwa abambo, khansa ya prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, imadalira kapitawo wofanana naye womvera testosterone, homoni yachimuna. Charles Huggins anasonyeza mu 1941 kuti kuchepetsa homoniyi kumabweza matendawa m'mbuyo, ndipo mpaka pano imeneyi ndiyo njira yaikulu yothandizira khansa ya prostate imene yafalikira.

Bwanji osangopanga mankhwala a MYC ndi p53?

Funso limeneli lasowetsa tulo asayansi kwa zaka zoposa 40. Mankhwala ambiri amagwira ntchito ngati kiyi wolowa m'loko: amafuna kabowo pa puloteni koti alowemo. Estrogen receptor ili ndi kabowo kotero mwachibadwa. MYC alibe. Akakhala yekha alibe ngakhale maonekedwe okhazikika, amakhala wotepatepa ngati chingwe mpaka atakumana ndi MAX. Kwa p53 vuto ndi lina: kuletsa puloteni yogwira ntchito mopyola n'kosavuta poyerekeza ndi kudzutsa yolumala. Komanso maselo abwino a m'matumbo ndi m'mafupa amafuna akapitawo omwewa tsiku lililonse. Mankhwala otchinga MDM2 kuti p53 achuluke, ndi ena olepheretsa MYC kugwira DNA, akuyesedwa pa odwala m'maiko angapo.

Pena zinatheka. Chotupa chikakula, pakati pake pamasowa mpweya wa okosijeni, ndipo kapitawo wotchedwa HIF amatsegula majini oitanira mitsempha yatsopano ya magazi. William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chofotokoza zimenezi. Pa khansa zambiri za impso, puloteni yophwanya HIF imakhala itawonongeka, ndiye HIF amangolamula ngakhale mpweya ulipo. Ofufuza anapeza kabowo kobisika pa mtundu wina wa HIF, ndipo mu 2021 dziko la America linavomereza mankhwala a belzutifan olowa pamenepo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya khansa ina ya m'magazi yotchedwa acute promyelocytic leukaemia. Kale inkapha m'masabata ochepa, odwala akutaya magazi mosaletseka. Nayonso imayamba ndi kusinthana kwa zidutswa, pakati pa kromozomu 15 ndi 17. Zotsatira zake ndi kapitawo wosakanizika, PML-RARA, amene amakhala pa majini othandiza maselo oyera a magazi kukhwima, n'kuwatseka. Maselo amakakamira pa ubwana, akuchulukana osakhwima, mpaka kudzaza mafuta a m'mafupa.

M'zaka za m'ma 1980, dokotala Wang Zhenyi ndi anzake ku Shanghai anayamba kupatsa odwalawa mankhwala a ATRA, ochokera ku vitamini A. Mankhwalawa amamatira pa kapitawo wosakanizika uja n'kumukakamiza kumasula majini amene anawatseka. Maselo a khansa aja amapitiriza ulendo umene unaima, amakhwima, n'kufa imfa ya selo lililonse lokalamba. Madokotala ena ku Harbin anali atapeza kale kuti arsenic trioxide, poizoni wodziwika kuyambira makedzana, amathandizanso pa matenda omwewa akaperekedwa pa mlingo woyenera, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti amachititsa kuti PML-RARA aphwanyidwe. Kumene mankhwala awiriwa akupezeka limodzi ndi chisamaliro chabwino cha m'masiku oyamba, odwala oposa 9 mwa 10 alionse amachira.